Nkhunda za Lenard Muhiwa

Lenard Muhiwa anabwera kuno ali kumsana kwa mayi ake, zaka zimene anthu ambiri ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kuwoloka Muloza. Za kwawoko sankakumbuka chilichonse. Chimene anatsala nacho ndi dzina, ndi Chilomwe chimene chinkamveka pa lilime lake akamayankhula. Atakula analowa ntchito pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri. Anayamba ndi kuthyola masamba, kenako anamuika pa ng'anjo ya fakitale kuti azisonkhezera nkhuni zoumitsira tiyi. Moto umenewo unamuumitsa thupi, unamuchepetsanso mawu.

Anakwatira Esteri wa kufupi ndi Nkando, ndipo monga mwa mwambo anakamanga kwawo kwa mkaziyo. Zidina anaumba yekha. Anadzala mango anayi kuseri kwa nyumba, n'kukumba dzenje la zinyalala lakuya kuposa la wina aliyense m'mudzimo. Koma nthaka inali ya mbumba ya mkazi wake, ndipo mwini mbumbayo anali a Wilson, malume ake a Esteri. Mkamwini akachotsedwa pamudzi amanyamula bulangete ndi njinga. Zidina ndi mango zimatsala. Lenard ankazidziwa zimenezi, ndipo ankayenda m'mudzimo mwaulemu ngati munthu wovala malaya obwereka.

Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana ankagona ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti. Belu lowerukira likalira, ankasamba, n'kukwera njinga ulendo wa maola awiri kupita kunyumba. Anzake ankatsala kuti aonere mpira kapena kukamwa. Iye zimenezo ayi. Mowa sankamwa. Tchopa ankaonera ataima patali, manja kumbuyo. Za mpira ankati, "Amuna a ndevu zawo kuthamangitsa chikopa, akachipeza n'kuchimenyanso kuti chithawe." Kanema wa pagalimoto atabwera pa bwalo la esiteti, Lenard anapita, ndipo anaseka ndithu ataona mzungu wonenepa akugwa pa bulu. Patapita miyezi itatu galimotoyo inabweranso. Mzungu yemwe uja anakwera bulu yemwe uja, n'kugwa pamalo pomwe paja. Lenard anadzuka n'kusasa fumbi. "Munthu wosamva ameneyu," anatero, ndipo ku kanema sanapondeko kawiri.

Chake chinali nkhunda.

Anaziyamba m'chaka cha 1951. Mkulu wina amene ankapuma ntchito pa ng'anjo anamupatsa zinayi, zazimuna ziwiri ndi zazikazi ziwiri, n'kumuuza malamulo ake. Uzithothole nthenga za m'mapiko kuti zisabwerere kwawo, pomadzamera zina zidzakhala zitazolowera. Khola likhale pamwamba, pa mitengo yosalala, kuopa mphaka ndi njoka. Madzi asaphwe m'phale. Ndipo lalikulu ndi ili: nkhunda sizikhala pakhomo pamene pali mkangano. Mwamuna ndi mkazi akamalalatirana, zimasamuka, ndipo mudzi wonse umadziwa.

Lamulo lomalizali aliyense kuno amalidziwa. Kwa Lenard linali lolemera, chifukwa Esteri sanali mkazi womeza mawu, ndipo iye mwini anali wouma khosi ngati chitsa cha mbawa. Loweruka lachitatu nkhunda zili pakhomo, asanatsike bwino panjinga, Esteri anayamba.

"Bambo a Edna, singano ndinakutumani ija ili kuti? Kachitatu aka. Kapena ndizisokera minga?"

Lenard anatukula chala n'kuloza khola. "Osati pano."

"Nanga kuti?"

"Mawa, tikatuluka m'tchalitchi. Ndikutengani."

Mawa lake anamukweza pa kaliyala n'kupita naye kumtsinje wa Thuchila, pamalo ena a miyala pamene sipafika ochapa. Kumeneko Esteri ananena za singano, n'kuwonjezera za mpini wa khasu ndi za mmene Lenard anawalonjerera apongozi ake ali chiimire. Lenard anayankha zake. Anakangana mpaka onse awiri anamva njala. Anabwerera dzuwa litapendeka, nkhunda zili phee pa khola lawo.

Chinakhala chizolowezi. Pakati pa sabata Esteri akakumbuka chomukwiyitsa, ankaponya njere ya nandolo m'kachitini. Lamulungu ankamanga njerezo pakona ya mpango, n'kulongedza chinangwa chophika, nthochi ndi tiyi wa m'botolo, popeza anali ataphunzira kuti mkangano umadzetsa njala. Ana awo awiri ankatsala kwa agogo awo. Akafika pamiyala paja ankayamba adya. Akatha, Esteri ankamasula mpango n'kutulutsa njere imodziimodzi.

"Iyi ndi ya mnzanu uja munabwera naye osandiuza, ndiwo zili za anthu anayi."

"Ndikanamusiya panjira?"

"Mukanamusiya. Ali ndi kwawo. Anadya mutu wa nsomba ngati ndi iye anagula."

"Chabwino. Tayani."

Nkhani ikatha, njere inkaponyedwa m'madzi. Ikakanika, inkabwerera mu mpango kudikira sabata ina. Lenard analibe kachitini. Zake ankasunga m'mutu, ndipo zambiri ankaziiwala panjira.

Anthu sankadziwa za njerezo. Iwo ankangoona mwamuna wovala malaya oyera akupalasa njinga, mkazi wake kumbuyo ndi dengu pamiyendo, kupita kokayenda ngati azungu a pa esiteti. Akazi a m'mudzimo ankawanyoza nazo amuna awo. "Taonani anzanu. Inu mungonditenga popita kumaliro." Amunawo ankamuda Lenard pang'ono chifukwa cha zimenezi, koma analibe chonena, pakuti umboni unali pa khola. Nkhunda zinayi zija zinaswana mpaka kufika makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Zikauluka m'mawa zinkazungulira mudzi wonse, mapiko ali phaphapha. Lenard ankazidziwa iliyonse, make ndi bambo ake. Loweruka madzulo ankakhala pa mpando wa ndalema n'kumaziwazira mapira, osayankhula ndi munthu.

Zinasokonekera m'chaka cha 1956. Mu Seputembala ku sitolo ya esiteti ankataya madebe akale a palafini, ndipo kapitawo analola Lenard kutenga khumi ndi awiri. Anawadula, anawawongola ndi nyundo, n'kuwamangirira pa njinga. Atafika kunyumba anasasula udzu wa pa khola n'kukhomapo madebewo, denga lonse ndi mbali ya kumadzulo yomwe. Khola linkang'anima, munthu ankaliona ali kumsewu. M'mudzi monsemo munalibe nyumba ya malata. Oyamba kugona m'malata anali nkhunda za Lenard.

Denga la nyumba yawo linali litadontha dzinja lonse lapitalo, ndipo chilimwe chimenecho Lenard sanamwete udzu. Lamulungu lotsatira Esteri anatulutsa njere imodzi yokha.

"Mbalame zigone m'malata, ine ndi ana tigone m'madontho? Ndiponso dzuwa likubwerali zidzapsa m'menemo."

Lenard anamva mbali yoyamba yokha. "Mayi a Edna, mwayamba kuchitira nsanje mbalame?"

Esteri anamuyang'ana, n'kubwezera njere ija mu mpango. Tsiku limenelo anabwerera msanga.

Kenako Okutobala anafika ndi dzuwa lake losweka mtengo. Lenard ankaliona khola Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa, ndi Lamulungu madzulo. Masana a Lamulungu ankakhala ali kumtsinje, masana ena onse ali pa ng'anjo. Chaka chonse khola lake sankaliona dzuwa lili pamutu. Loweruka lina anawaza mapira, ndipo zinatsika nkhunda makumi atatu. Anati zina zili kumunda. Lamulungu limenelo kunali maliro kutsidya, ulendo wa kumtsinje unalephereka. Loweruka linalo zinatsika khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo Lamulungu lake tcheni ya njinga inaduka ali pakhomo pa tchalitchi, tsiku n'kuthera kokonzetsa. Loweruka lachitatu zinatsika zisanu ndi ziwiri.

Kumene zinapita sikunali kobisika. Che Faraji, telala amene anali ndi kasitolo pa Nkando, anali ndi khonde lalitali la udzu, ndi mtsuko wa madzi osambira asanapemphere. Nkhunda za Lenard zinadzaza pansi pa denga limenelo. Aliyense wopita kukagula mchere ankaziona, n'kubwerera ndi nkhani. Ena ankati Lenard ali ndi mkazi wina ku malaini. Ena ankati kumtsinje kuja amakamenyako mkazi wake kuti anthu asamve kulira. Akazi amene ankamutama aja ndi amene ankayendetsa nkhaniyo msanga.

Madzulo a Loweruka limenelo a Wilson anafika ndi ndodo yawo. Anali munthu wosakonda phokoso, koma mkamwini wosaoneka ndi khasu m'munda masiku asanu ndi limodzi sankawakomera chiyambire. Anakana mpando.

"Akamwini, mbalame zanu zayankhula."

"Zingoyendayenda, amalume. Zibwera."

"Ine ndakalamba ndikuona nkhunda. Sizisamuka pachabe. Mwana wa mlongo wanga sindinamupereke kuti azilira m'tchire. Mawa njinga isatuluke. Tikaweruka kutchalitchi tikhale pansi pano. Che Faraji ndawaitana, popeza mbalame zili kwawo. Ndikapanda kukhutira, ndiitana ankhoswe, ndipo inu mukudziwa kumene nkhani zotere zimathera."

Atapita, Lenard anaima pakhomo n'kuyang'ana mango ake. Anali atachita maluwa bwino chaka chimenecho, tizipatso tili ngati mazira a nkhunda. Analowa m'khitchini, kumene Esteri ankasenda chinangwa.

"Mayi a Edna, pali chimene mukudziwa?"

"Chilipo."

"Nenani."

Esteri analoza ndi mpeni kumene kunali khola. "Osati pano. Lamulo ndi lanu."

"Mawa sitipita kumtsinje."

"Ndamva."

Anapitiriza kusenda. Lenard anaona kuti mkazi wake akangokhala chete chonchi pamaso pa a Wilson, nkhani yatha. Anayamba kuganiza zambiri. Mwina Esteri watopa nayedi. Mwina nkhunda zaona chinthu chimene iye, wogona ku malaini, sanachione. Anafuna kukuwa, koma nkhunda zisanu ndi ziwiri zija zinali pomwepo, ndipo anameza.

Lamulungu masana anakhala pansi pa mango. A Wilson pa mpando wa ndalema, Che Faraji pa mtondo wogubuduza atavala kofiya wawo woyera, Esteri pa mphasa, Lenard pa chitsa. Anthu ena anayamba kupeza zochita pafupi ndi mpanda. Kunja kunkatentha moti ngakhale nkhuku zinali zitayasamula pansi pa nkhokwe.

"Akamwini, m'nyumba muno muli mkangano?" anafunsa a Wilson.

"Mulibe. M'nyumba muno sitinakanganemo zaka zisanu."

"Nanga mbalame zathawa chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Muli ndi mkazi ku malaini?"

"Ku malaini ndili ndi mphasa ndi kapoto."

Kuseri kwa mpanda munthu wina anaseka. A Wilson sanaseke. Anatembenukira kwa Esteri. "Iwe mwana wanga, usaope. Pano ndi pako. Ukanena kuti watopa, munthu uyu anyamula zake lero lomwe. Kumtsinje mumakatani?"

Esteri anadzutsa mutu.

"Timakakangana, amalume."

"Wati chiyani?"

"Timakakangana. Lamulungu lililonse, zaka zisanu. Bambo awa anati pakhomo pano ayi, nkhunda zingamve. Ndiye timanyamula chinangwa n'kukalalatirana ku Thuchila. Akazi a m'mudzi muno akhala akundichitira kaduka chifukwa cha ulendo wokatukwanizana."

Che Faraji anagwira pakamwa. Kuseri kwa mpanda kunamveka "Hii!" wa akazi angapo.

"Amakumenya?" anafunsa a Wilson.

"Sanandikhudzepo. Amangouma khosi. Mkangano tili nawo wokwanira mudzi wonse, koma mbalame zinaswana mpaka makumi anayi. Sizinathawe mkangano ayi. Auzeni akwere pa khola lawolo alowetse dzanja. Pompano, dzuwa lisanapendeke."

Lenard anatenga makwerero n'kukwera. Atagwira denga anachotsa dzanja msanga, pakuti debe linali ngati chitseko cha ng'anjo ya ku fakitale. Anasuzumira m'kati, ndipo mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Anapisa dzanja m'chisa chimodzi n'kutulutsa maunda awiri atauma gwa. M'chisa china anapeza mazira osiyidwa. Nkhunda zotsala zija sizinali m'khola, zinali zitabisala m'masamba a mango, milomo ili yasa. Munthu amene ntchito yake inali kudziwa kutentha kwa chitsulo anali atawotcha mbalame zake.

Anatsika n'kuika maundawo pansi pamaso pa a Wilson.

"Izi ndiye ndimafuna kunena," anatero Che Faraji. "Kwathu zimafika cha m'ma leveni, zikupuma wefuwefu ngati zathamangitsidwa ndi kabawi. Zimathera mu mtsuko wanga. Ndimati ndikatunge madzi a swala, ndipeza nthenga zokhazokha. Mayi a kunyumba ndi ine timakangana tsiku ndi tsiku, achimwene, pakhonde pomwepo, koma mbalame zanuzi sizisuntha."

A Wilson anakankha maundawo ndi ndodo. "Iwe Esteri, unkadziwa?"

"Ndinawauza mu Seputembala. Anati ndikuchitira nsanje mbalame."

"Akamwini, n'zoona?"

"Ananena. Sindinamve."

"Ndiye unangokhala chete mbalame zikutha, mudzi wonse ukukamba za iwe?"

"Ndimafuna aone okha," anatero Esteri. "Munthu uyu mawu salowa m'khutu mwake. Amalowera m'dzanja."

A Wilson anayang'ana khola long'anima, kenako denga la nyumba, limene udzu wake unali utada ndi kuwola, mapaso akuonekera. "Mlandu wa mbalame watha," anatero. "Koma ndaona wina. Nkhunda m'malata, mbumba yanga pansi pa chisa cha khwangwala. Iwe mwana wanga, mwamunayu ukumufunabe?"

Esteri sanamuyang'ane Lenard. "Akafolera nyumba yanga mvula isanagwe, akhale."

"Udzu ndiupeza kuti Okutobala uno?" anafunsa Lenard. "Tchire lonse lapsa."

"Mukanaganiza zimenezo mu Julayi," anatero a Wilson. Anadzuka n'kutsamira ndodo. "Ine ndili ndi mitolo makumi awiri imene ndinasungira nkhokwe. Mukatenge. Madebewo abwere kwathu, ndikaone chochita nawo. Muyambe nyumba ya anthu. Ya mbalame pambuyo."

Lenard anapempha masiku atatu kwa kapitawo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anasasula denga lonse, anasintha mapaso anayi ofumbwa, n'kufolera yekha, Esteri akumuponyera mitolo ndi luzi. Ali padenga pomwepo anakangana za kapendekedwe ka udzu, mokweza, mudzi wonse ukumva, ndipo palibe amene analoza khola. Udzu wotsala unakwana khola la nkhunda mopereweza. Mvula yoyamba inagwa pa 9 Novembala. M'nyumba simunadonthe.

Nkhunda yosamuka yokha siitsatidwa, imakhala ya kumene yapita. Mwambo ndi umenewo, ndipo Lenard sanapemphe. Khola litazizira, khumi ndi zinayi zinabwerera zokha. Zina zonse zinali zitaikira kale pakhonde la Che Faraji, ndipo zinakhala komweko. Sizinadzafikenso makumi anayi. Kutchuka kwa banja lake kunatha tsiku la mlandu lija, ndipo amuna a m'mudzimo anayamba kumulonjera ndi mtima wonse. A Wilson anakhomera madebe aja pa bafa lawo.

Lenard anagwira ntchito pa ng'anjo mpaka maso atayamba kufooka, n'kubwerera kumudzi kudzalima nandolo ndi chinangwa. Pamudzipo sanachotsedwe. Anakalamba m'nyumba yomweyo, anadya mango a mitengo yake zaka zambiri, ndipo manda ake ali kumanda a mbumba ya mkazi wake, chakumapeto, kumene amaika akamwini.

Zaka zimene anali akadali pa ntchito, Loweruka pobwera kunyumba ankayamba waima pa Nkando. Che Faraji ankamutulutsira mpando pakhonde, iwo n'kubwerera pa makina awo. Lenard ankakhala theka la ola atayang'ana m'mwamba, akutchula chamumtima kuti iyi ndi mwana wa yakuti, iyo ndi mdzukulu wa yotuwa ija. Sankagula kanthu. Tsiku lina Che Faraji anatukula nsalu yoyera imene ankasokera mkwatibwi wina, pakati pake pali chitosi chachikulu.

"Achimwene, taonani zimene zachita mbalame zanu."

Lenard anaiyang'ana nsaluyo, n'kuyang'ananso kudenga.

"Zanga zili kunyumba, Che Faraji. Izo n'zanu. Chapani."